WOPATSA, COPATSIDWA NDI WOLANDIRA M'CINGELEZI

Pamene munthu apatsa mnzace kanthu, pamakhala zinthu zitatu: wopatsa, cinthu copatsidwaco, ndi wolandira. Mai akagawira mwana wace nsima, mai ndiye wopatsa, nsima ndiyo copatsidwa, ndipo mwana ndiye wolandira. Cimodzi ca zitatuzi cikasowa, kupatsa kulibe. Ndi cimodzimodzi pa kutumiza, pa kubwereka, pa kugulitsa, pa kuonetsa ndi pa kuuza. Wouza mnzace nkhani afanana ndi wopatsa, pakuti nkhaniyo icoka kwa iye nifika kwa wina.

Cinenero ciri conse ciri ndi njira yace yosonyezera kuti wolandira ndani, ndi kuti copatsidwa nciti. Cinyanja cisonyeza izi kawirikawiri ndi timau tating'ono tolowa m'kati mwa mneni. Cingelezi cisonyeza ndi malo amene mau aimapo m'ciganizo, kapena ndi timau tiwiri, "to" ndi "for". Mwana wa sukulu akazindikira kusiyana kumeneku sadzabvutika ndi phunziro lino.

Phunziroli liri ndi nchito yaikulu kwa mwana wa m'Zambia. Dziko lino litalandira ufulu pa 24 October 1964, Cingelezi cinakhalabe cinenero ca boma, ndipo ciri comweco kufikira lero. Malamulo a dziko, makalata a ku maofesi ndi mapangano a malonda alembedwa m'Cingelezi. M'zolembedwa zotere muli nkhani zambiri za kupatsa, kulipira ndi kugulitsa, ndipo wowerenga ayenera kudziwa bwino lomwe amene alandira ndi cimene alandira.

1. COCITIDWA, NDICO DIRECT OBJECT

Ciganizo ca Cingelezi ciyamba ndi wocita, amene m'mabuku a galamala achedwa Subject. Pambuyo pace padza mneni, ndiye Verb, liu lonena nchito imene icitika. Nthawi zambiri nchitoyo igwera munthu kapena cinthu cina, monga m'ziganizo izi:

The boy kicked the ball.
Mother cooked the fish.
The hunter killed a buffalo.

M'Cinyanja ziganizozi ziti: Mnyamata anamenya mpira. Mai anaphika nsomba. Mlenje anapha njati. Mpira, nsomba ndi njati ndizo zimene nchito inazigwera. Cinthu cotere cichedwa Direct Object, ndipo m'phunziro lino cichedwanso cocitidwa.

Njira yocipezera njapafupi. Wophunzira awerenge wocita ndi mneni, kenaka afunse "What?" kapena "Whom?", ndiko kuti "Ciani?" kapena "Yani?" Yankho la funsolo ndilo Direct Object. "The boy kicked what? The ball." "The hunter killed what? A buffalo." Akulu anati, "Safunsa anadya phula," ndipo pa galamala mwambiwu ngwoona, pakuti ana ambiri alakwa cifukwa ca kungoloza liu lotsatana ndi mneni osayamba afunsa funso.

Si aneni onse afuna cocitidwa. "The baby slept" ndi "The rain fell" ndi ziganizo zathunthu, cinkana palibe cinthu cimene nchito icigwera. Ndiponso si liu liri lonse lodza pambuyo pa mneni limene liri Direct Object. M'ciganizo cakuti "Father worked all day," mau akuti "all day" sayankha funso lakuti "Ciani?" koma anena nthawi. M'ciganizo cakuti "The girls walked to the river," mau akuti "to the river" anena malo. Tate sanagwire tsiku, ndipo atsikana sanacite kanthu kwa mtsinje.

2. WOLANDIRA, NDIYE INDIRECT OBJECT

Aneni ena atsatidwa ndi maina awiri, monga awa:

Mother gave the child a banana.
The teacher sent the headman a letter.
The old man told the boys a story.

Pa ziganizo zotere wophunzira ayambe wapeza cocitidwa. Mai anapereka ciani? Nthoci. Mphunzitsi anatumiza ciani? Kalata. Nkhalamba inanena ciani? Nthano. Tsono "a banana", "a letter" ndi "a story" ndiwo ma Direct Object, ngakhale aima pothera peni peni.

Atatero afunse funso laciwiri, lakuti "To whom?" kapena "For whom?", ndiko kuti "Kwa yani?" Nthoci inapita kwa mwana, kalata inapita kwa mfumu ya mudzi, ndipo nthano inafika m'makutu a anyamata. Mwana, mfumu ndi anyamata ndiwo olandira, ndipo wolandira achedwa Indirect Object.

Lamulo la malo ndi ili: pamene maina awiri atsatana pambuyo pa mneni popanda kaliu kena pakati pao, loyamba ndilo wolandira, ndipo laciwiri ndilo copatsidwa. Wolandira sakonda kuima yekha. Munthu akati, "Mother gave the child," nalekera pomwepo, womva ayembekeza mau ena, nafunsa kuti, "Gave the child what?"

3. MALO A MAU ASINTHA NKHANI

Munyanja anenanso kuti, "Mai anapatsa mwana nthoci," wolandira patsogolo, copatsidwa pambuyo, monga m'Cingelezi. Koma iye ali ndi ufulu umene Mngelezi alibe. Akhoza kunena kuti, "Mai anampatsa nthoci mwanayo," kapena, "Nthoci mai anampatsa mwana," ndipo palibe amene asocera, pakuti ka "m" ka m'kati mwa liu lakuti "anampatsa" kaloza mwana. Mneni yemwe wasenza cizindikiro ca wolandira, cotero maina angathe kusuntha.

Mneni wa Cingelezi sasenza cizindikiro cotere. "Gave" akhala "gave" cabe, kaya wolandira ndi mwana, kaya ndi ana khumi, kaya ndi mbuzi. Cifukwa cace wophunzira akalemba kuti "Mother gave the banana the child," wanena kuti nthoci ndiyo inalandira mwana. Colakwa ici ciseketsa anthu, ndipo cizindikirika msanga. Koma pali zina zosaseketsa, monga izi:

The farmer showed the policeman the thief.
The farmer showed the thief the policeman.

Mau onse ndi amodzimodzi, ndipo ziganizo zonse ziwiri ziri bwino pa galamala. Koma m'ciganizo coyamba mlimi anathandiza wapolisi pomlozera mbala, pamene m'caciwiri mlimi anacenjeza mbala poilozera wapolisi. M'coyamba mlimi ndiye mboni yabwino. M'caciwiri aoneka ngati mnzace wa mbala. Womasulira mau pa bwalo la milandu, kapena mwana wolembera atate wace kalata ya dandaulo, akasinthanitsa maina awiriwa angathe kuika munthu wosalakwa m'mlandu.

4. CIFUKWA CACE CINGELEZI CIDALIRA MALO

Cingelezi sicinali cotere kuyambira kale. Makolo a Angelezi, mitundu ya Angles ndi Saxons, anaoloka nyanja nalowa m'cisumbu ca Britain ca m'ma 450. Cinenero cao, cimene lero cichedwa Old English, cinali kusintha mathero a maina monga mwa nchito yao m'ciganizo. Liu la mfumu linali "cyning", koma mfumuyo ikakhala yolandira, liulo linali "cyninge". Womva anazindikira wolandira pomva mathero a liu, monga Munyanja amzindikira pomva mneni.

M'kupita kwa zaka mathero amenewa anafota, makamaka m'zaka zotsatira 1066, caka cimene William wa ku Normandy anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Mathero atatha, nchito yao inagwera malo a mau ndi timau tonga "to" ndi "for".

Zotsalira za njira yakale zikali kuoneka m'mau ena. Kale liu lakuti "hine" linanena mwamuna amene nchito yamgwera, ndipo "him" linanena mwamuna wolandira. "Hine" linafa, ndipo "him" linatenga nchito zonse ziwiri. Ndico cifukwa cace lero Mngelezi ati, "I saw him," natinso, "I gave him a hoe." M'ciganizo coyamba "him" ndiye Direct Object, m'caciwiri ndiye Indirect Object, ndipo maonekedwe a liu sasintha.

5. NJIRA YACIWIRI: "TO" NDI "FOR"

Cinyanja ciri ndi njira ziwiri zonenera za kupatsa. Munthu ati, "Anapatsa mwana buku," kapena, "Anapereka buku kwa mwana." Cingelezi naconso ciri ndi njira ziwiri. Pa njira yaciwiri copatsidwa cidza poyamba, ndipo wolandira atsatira ali ndi "to" kapena "for" patsogolo pace:

She gave the child a book.
She gave a book to the child.

Father bought the girl a dress.
Father bought a dress for the girl.

Mabuku ena a galamala acha mau akuti "to the child" Indirect Object, pamene ena asunga dzinali kaamba ka wolandira woima yekha wopanda "to". Wophunzira atsate buku limene aphunzitsi ace agwiritsa nchito. Tanthauzo la ziganizo silisintha.

Kaliu ka "to" kayenda ndi aneni onena za cinthu cocoka kwa munthu kupita kwa wina: give, send, lend, sell, pay, show, tell, teach, offer, hand. Kaliu ka "for" kayenda ndi aneni onena za nchito yocitira wina zabwino: buy, make, cook, build, find, get.

Apa Cinyanja cithandiza. Pofuna kunena kuti nchito icitikira wina, Munyanja atalikitsa mneni ndi "-ir-" kapena "-er-". Kugula kusanduka kugulira, kuphika kusanduka kuphikira, kumanga kusanduka kumangira, kupeza kusanduka kupezera, kusoka kusanduka kusokera. Tsinde la mneni likakhala ndi a, i kapena u, padza "-ir-". Likakhala ndi e kapena o, padza "-er-". Nthawi zambiri pamene Cinyanja ciri ndi "-ir-" kapena "-er-" wotere, Cingelezi ciri ndi "for". "Anamangira amai ace nyumba" ndiko kuti "He built a house for his mother," kapena "He built his mother a house."

Koma pali mbuna imodzi. Ana ambiri a sukulu alembera agogo ao makalata, ndipo mau akuti "Analembera agogo ace kalata" ali ndi matanthauzo awiri. Kapena agogo akhala kutali ndipo kalatayo ipita kwa iwo. Kapena agogo ali pomwepo, sadziwa kulemba, ndipo mdzukulu alemba m'malo mwao. Cingelezi cilekanitsa ziwirizi:

He wrote a letter to his grandmother.
He wrote a letter for his grandmother.

M'ciganizo coyamba agogo ndiwo adzalandira kalata. M'caciwiri agogo ndiwo eni kalata, ndipo wolandira ndi munthu wina. Ciganizo cakuti "He wrote his grandmother a letter" cimveka monga coyamba cija.

Pa malonda kusiyanaku kukhudza ndalama. "He sold the maize to his uncle" ndiko kuti amalume ndiwo anagula cimanga, ndipo ayenera kulipira. "He sold the maize for his uncle" ndiko kuti cimanga cinali ca amalume, ndipo iwo ndiwo ayenera kulandira ndalama. Kaliu kamodzi kasandutsa wangongole kukhala mwini cuma.

6. KUSANKHA PAKATI PA NJIRA ZIWIRI

Njira ziwirizi zitanthauza cimodzimodzi, koma Mngelezi sasankha mwacisawawa. Akonda kuika pothera cinthu catsopano cimene womva sanacidziwe. Wina akafunsa kuti, "What did you give the child?" yankho labwino ndi, "I gave the child a banana," pakuti cofunsidwa ndi nthoci. Akafunsa kuti, "Who got the banana?" yankho labwino ndi, "I gave the banana to the child," pakuti wofunsidwa ndi mwana.

Akondanso kuika pothera mau atali. Nkwabwino kunena kuti, "She gave a blanket to the old woman who lives near the church," kuposa kuunjika mau onse onena za nkhalambayo pakati pa mneni ndi bulangeti.

Ndiponso njira yopanda "to" ifuna wolandira weniweni, amene angathe kukhala naco cinthuco. Malo salandira kanthu. Cotero munthu ati, "He sent the parcel to Chipata," osati, "He sent Chipata the parcel." Koma akhoza kunena kuti, "He sent his brother the parcel," pakuti mbale wace ndi munthu.

7. MAU OLOWA M'MALO MWA MAINA

M'Cinyanja timau tolowa m'malo mwa wolandira tikhala m'kati mwa mneni: anandipatsa, anakupatsa, anampatsa, anatipatsa, anakupatsani, anawapatsa. M'Cingelezi ndi mau oima paokha, odza pambuyo pa mneni: me, you, him, her, it, us, them.

He gave me a pencil.
She told us the news.
We sent them some groundnuts.

Mau akuti I, he, she, we ndi they ndi a wocita yekha, ndipo saima pa malo a wolandira kapena a cocitidwa. Munthu sanena kuti "She told we the news."

Colakwa cina cicokera ku Cinyanja. Munyanja ati, "Ndinampatsa mnyamata buku," nachula wolandira kawiri, poyamba ndi ka "m", kaciwiri ndi dzina. Mwana womasulira liu ndi liu alemba kuti, "I gave him the boy a book." Cingelezi sicilola zimenezi. Wolandira achulidwa kamodzi: "I gave him a book," kapena, "I gave the boy a book."

Copatsidwa cikakhala "it" kapena "them", njira yabwino ndi ya "to" kapena "for": "Give it to the teacher." "Buy them for me." Munthu sanena kuti "Give the teacher it." M'zigawo zina za England anthu amveka alinkunena kuti "Give it me" kapena "Give me it," koma wophunzira polemba alembe kuti "Give it to me," pakuti mau awa alandiridwa kuli konse kumene Cingelezi cilankhulidwa.

8. ANENI OKANA MAINA AWIRI OTSATANA

Pali aneni ena amene salola wolandira kuima pafupi nao popanda "to". Odziwika kwambiri ndi awa: explain, describe, suggest, report, introduce, announce.

The teacher explained the sum to us.
The driver described the road to the visitors.
The girl reported the matter to the headmaster.

Kunena kuti "The teacher explained us the sum" nkulakwa, cinkana m'Cinyanja "Aphunzitsi anatifotokozera samu" ndi mau abwino. Ambiri a aneni awa analowa m'Cingelezi kucokera ku Cifalansa ndi Cilatini m'zaka zotsatira kugonjetsa kwa William kuja, pamene aneni afupi onga tell, sell, send ndi teach ndi a Cingelezi cakale. Koma limeneli si lamulo lopanda mpata, pakuti "pay" anacokera ku Cifalansa, koma munthu ati, "He paid the men their wages." Cotero wophunzira aloweze pamtima aneni okanawa mmodzi mmodzi pamene akomana nao.

Aneni awiri, say ndi tell, asokoneza ana ambiri. "Tell" afanana ndi "kuuza", ndipo atsatidwa ndi wolandira: "She told me the truth." "Say" afanana ndi "kunena", ndipo afuna "to": "She said nothing to me." Monga Munyanja sanena kuti "Anandinena zoona" pofuna kuti "Anandiuza zoona", Mngelezinso sanena kuti "She said me the truth."

Ena awiri ndi lend ndi borrow. M'Cinyanja liu limodzi ligwira nchito mbali zonse ziwiri: "Ndinabwereka khasu kwa mnansi wanga," ndiponso, "Mnansi wanga anandibwereka khasu." Cifukwa ca ici m'masukulu mumveka kawiri kawiri mau akuti "Borrow me your ruler." Koma m'Cingelezi wopereka ndiye acita "lend", ndipo wotenga ndiye acita "borrow". Mau oyenera ndi "Lend me your ruler," kapena "May I borrow your ruler?" Cinthu cobwereka cicokera kwa mwini wace, cotero "borrow" ayenda ndi "from": "I borrowed a hoe from my neighbour."

Palinso aneni owerengeka amene akonda maina awiri otsatana, nakana "to". Munthu ati, "The doctor asked the woman a question," ndiponso, "The bicycle cost my father a lot of money." Sanena kuti "asked a question to the woman."

9. ZOFANANA KOMA ZOSIYANA

Si maina awiri ali onse otsatana pambuyo pa mneni amene ali wolandira ndi copatsidwa. Ziganizo ziwiri izi zioneka zofanana:

The boys made him a kite.
The boys made him captain.

M'coyamba muli zinthu ziwiri zosiyana, munthu ndi cidole couluka, ndipo ciganizoco cingathe kusandulika kukhala "The boys made a kite for him." M'caciwiri "him" ndi "captain" ndi munthu mmodzi yemweyo, anyamata anamuika kukhala mtsogoleri wao. Pamenepa "him" ndiye Direct Object, ndipo mulibe wolandira. Poyesa, wophunzira asunthe dzina loyamba nalipatse "to" kapena "for". Tanthauzo likakhala lomwe lija, dzinalo ndi Indirect Object. Likasintha, si iye ai.

10. PAMENE WOCITA SACHULIDWA

Nthawi zina wonena safuna kuchula wopatsa, kapena samdziwa. Munyanja ati, "Mnyamata anapatsidwa mphoto," kapena, "Mphoto inaperekedwa kwa mnyamata." Cingelezi naconso cilola wolandira kapena copatsidwa kuima patsogolo:

The boy was given a prize.
A prize was given to the boy.

Wowerenga acenjere ndi kaliu ka "was". "The boy gave a prize" ndiko kuti mnyamata ndiye wopatsa. "The boy was given a prize" ndiko kuti iye ndiye wolandira. Ziganizo za mtundu umenewu zipezeka kwambiri m'makalata a boma ndi m'manyuzipepala, monga "The farmers were paid their money," ndiko kuti alimi analandira ndalama zao.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Direct Object ayankha funso lakuti "What?" kapena "Whom?", ndipo ayenera kupezedwa poyamba. Indirect Object ayankha funso lakuti "To whom?" kapena "For whom?" Maina awiri akatsatana, wolandira atsogola. Copatsidwa cikatsogola, wolandira afuna "to" kapena "for". Mneni wa Cingelezi sasonyeza wolandira monga acitira mneni wa Cinyanja, cotero wolemba Cingelezi asamale malo a liu liri lonse, nawerengenso ciganizo cace asanatumize kalata.

ZOCITA

A. Ophunzira akope ziganizo izi m'mabuku ao, alembe mzere umodzi pansi pa Direct Object, ndi mizere iwiri pansi pa Indirect Object. Ziganizo zina ziribe Indirect Object.

1. The nurse gave the baby some medicine.
2. My sister cooked us sweet potatoes.
3. The fishermen mended their nets.
4. The trader sold the farmer a plough.
5. The people made her their leader.
6. Grandfather taught the boys a new game.
7. The bus waited two hours.

B. Asandutse ziganizo izi pogwiritsa nchito "to" kapena "for".

1. The carpenter made the school ten desks.
2. She lent her friend a basket.
3. Father found my brother a job.
4. The clerk handed the woman a receipt.
5. We showed the visitors our garden.

C. Akonze zolakwa m'ziganizo izi.

1. Please borrow me your knife.
2. He explained me the way to Katete.
3. I gave her my aunt the salt.
4. The headman said us a story.
5. Give the driver it.
6. She sent Lusaka the letter.

D. Amasulire ziganizo izi m'Cingelezi. Ciganizo cacinai acimasulire m'njira ziwiri, monga mwa matanthauzo ace awiri.

1. Atate anandigulira nsapato.
2. Mlendo anatiuza nkhani ya ku Petauke.
3. Mtsikana anatungira nkhalamba madzi.
4. Mnyamata analembera amalume ace kalata.
5. Ana anapatsidwa mabuku atsopano.

E. Afotokoze m'Cinyanja kusiyana kwa ziganizo ziwiri izi, ndipo anene amene ayenera kulandira ndalama m'ciganizo ciri conse.

The woman sold the goat to her brother.
The woman sold the goat for her brother.